Chigoba cha pakhoma sichivina

Sabata ino mpata wolemba wagwera ine, ndipo ndikulemba ndili kuno kwa Mponda, kumene dzuwa lafika poti ngakhale mbuzi zikukana kuchoka pamthunzi. Khalani bwinobwino chifukwa nkhaniyi ndi yotalikirapo, ndipo ena mwa inu ikutsinani pang'ono. Musandikwiyire. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Masabata awiri apitawa mnzathu wina anatisonyeza chikuto cha buku lake la nkhani zifupizifupi limene akufuna kusindikiza. Dzina ndisunga, koma ndamupempha kale kuti ndiyankhulepo ndipo wavomera. Nkhani yaikulu m'bukumo ndi ya mnyamata wa kwa Nankumba amene amalume ake akufuna kuti agule njira, pomwe amayi ake ndi a mvano. Ndi nkhani yabwino ndithu, ine ndinaiwerenga kawiri. Pachikuto pake pali chithunzi cha chigoba chachitali ngati chitseko, chokhala ndi timabokosi takuda ndi toyera ngati bolodi la drafuti, maso ozungulira ngati a kadzidzi, ndi kamwezi pamwamba. Tonse tinaombera m'manja. "Mwaitha bwana!" "Gule wathu ameneyo!" Inenso ndinali m'gulu la oyamikirawo, ndisaname. Koma usiku umenewo chinthu china chinandivuta mumtima. Ndakula ndikuonera gule kwa agogo anga cha ku Monkey Bay, ndipo gule wooneka choncho sindinamuonepo pabwalo lililonse.

Nditafufuza ndinapeza kuti chigoba chija ndi cha anthu otchedwa a Bwa, amene amakhala kumadzulo kwa dziko la Burkina Faso ndi mbali ina ya Mali. Eni ake amachitcha nwantantay. Chimasemedwa kuchokera ku mtengo umodzi, ndipo zina zimatalika kufika mamita awiri. Midzi yodziwika nazo ndi monga Boni, Dossi ndi Pa. Katswiri wina wa ku America, Christopher Roy, amene anatha zaka zambiri akufufuza luso la anthu a kumeneko, analemba tanthauzo la mizere ija monga anamufotokozera eni ake. Timabokosi takuda timakumbutsa zikopa zakale zimene amakhalira akuluakulu, zoda chifukwa cha utsi ndi zaka. Toyera ndi zikopa zatsopano za anyamata ongolowa kumene chinamwali. Ndiye kuti bolodi lija likunena za odziwa ndi osadziwa, ndi ulendo wochoka kwina kupita kwinako. Mzere wokhotakhota ndi njira ya makolo, imene ndi yovuta kuitsata koma munthu ayenera kuyendamo.

Mwaona? Chigoba chija ndi kalata. Mnyamata wa kumeneko amaphunzitsidwa kuiwerenga mzere ndi mzere. Ndiye ife tatenga kalata ya eni, yolembedwa m'chinenero chimene sitichidziwa, n'kuimata pa nkhani ya kwa Nankumba, chifukwa choti ikuoneka yachiafirika basi. Tangoganizani mlembi wa ku Burkina Faso ataika Kasiyamaliro pa buku la nkhani ya kwawo n'kumati ndi chikhalidwe cha makolo ake. Bwenzi tikumuseka kapena kumulalatira kumene. Nanga ife tinalekeranji kuona? Anthu oposa makumi atatu tinayamikira chikuto chija, ambiri mwa ife Achewa, ndipo palibe anafunsa dzina la guleyo.

Mnzathuyo akuti chithunzicho anachipeza pa intaneti. Chabwino. Koma ine ndikuganiza kuti maso athu anasokonezedwa kale tisanagule n'komwe mafoni. Pitani ku Chembe, ku Cape Maclear kuja, kapena imani pamsewu wa ku Liwonde pamene amayala ziboliboli, muone zigoba zimene zimagulitsidwa. Zambiri ndi za nkhope yaitali yowonda, maso otsinzina, milomo yokhuthala, zakuda bii, zina zopakidwa polishi wa nsapato kuti zioneke ngati phingo. Pamphumi pena pamakhala njovu kapena mbidzi. Chigoba chomwecho mukachipeza ku Nairobi, ku Victoria Falls ndi ku Johannesburg. Mukafunsa dzina lake palibe, nyimbo yake palibe, mudzi wake palibe. Mukachitembenuza mupeza kumbuyo kuli waya wokolowekera pamsomali, ndipo mphako yake ndi yosazama moti mutu wa munthu sungalowemo. Chinasemedwa kuti chikakhale pakhoma la munthu wa ku London, ndipo ntchito imeneyo chimaigwira bwino.

Tsiku lina ndinafunsa bambo wina wosema kunyanja konko chifukwa chake samasema nkhope za gule weniweni. Anandiyang'ana ngati ndine mwana. "Achimwene, mlendo safuna Simoni. Akaona penti wofiira amati ndi chidole. Iye amafuna chakuda, chooneka ngati chakale. Ine ndili ndi ana kusukulu." Atakhala chete pang'ono anaonjezera motsitsa mawu kuti, "Komanso za kudambwe saziyala pamsewu."

Mawu achiwiriwa ananditseka pakamwa. Ndinapita kumeneko ndi mtima woweruza, kuganiza kuti osemawa anataya chikhalidwe chifukwa cha ndalama. Koma mwina bamboyo akudziwa bwino kuposa ine. Mlendo akumupatsa chimene akufuna, ana akulipiriridwa fizi, ndipo mwambo ukutsala kwa eni. Luso la manja ake silokayikitsa: taonani mmene amasalazira tsaya, mmene mbali ziwiri za nkhope zimafananira popanda rula. Vuto lili kwa ife ophunzira, amene timatenga chigoba chosemera alendo n'kuchiyesa kalilole wathu. Mlendo akanyengeka ndi polishi nzomveka, wabwera sabata imodzi. Nanga ife?

Tsono tiyeni tione zathuzo, ndipo ndineneretu kuti ndikamba zokhazo zimene aliyense amaona pabwalo masana, amayi ndi ana omwe. Za kudambwe ndi za eni ake.

Gule wathu sawopa mtundu wowala. Simoni amatuluka ndi nkhope yofiira psuu, ngati mzungu amene dzuwa la kunyanja lamuotcha, atavala zachizungu zansanza, akudzimva. Maliya ndi wa nkhope yosalala, chitenje ndi mpango, amavina modekha pakati pa amayi ngati mmodzi wa iwo. Chadzunda ndi nkhalamba ya nkhope yakuda yamakwinya, mano operewera, imene imalowa m'bwalo ikutsimphina koma ng'oma ikakolera imavina kuposa anyamata. Kapoli ndi wa nthenga kumutu ndi mawu ake ang'onoang'ono aja. Makanja amayenda m'mwamba, kutiyang'ana tonse pansi. Kang'wing'wi ndi wamatope thupi lonse, amene ana amathawa asanamuone n'komwe. Ndiye pali zilombo zazikulu: Kasiyamaliro wolukidwa ndi makoko a chimanga, msana wake wopindika ngati bwato, Chimkoko, ndi Njovu imene situluka wamba, imadikira mwambo waukulu monga maliro a mfumu.

Aliyense mwa awa ali ndi dzina, mayendedwe, kayimbidwe ka ng'oma ndi nyimbo yake. Apa ndi pamene pali kusiyana ndi zigoba za a Bwa. Iwo uthenga wambiri anaulemba pathabwa, moti ngakhale chigoba chitakhala m'nyumba yosungiramo zakale ku Paris, wodziwa akhoza kuwerengako ndithu, ngakhale kuti nachonso chinasemedwa kuti chivine. Ife uthenga tinaugawa pakati pa nkhope, miyendo, mbalule, mpanje ndi pakamwa pa amayi. Gule akayamba nyimbo, amayi ndiwo amavomera, ndipo tanthauzo lenileni limatuluka pamene mawuwo akumana ndi fumbi. Mukachotsa Chadzunda pabwalo n'kumupachika pakhoma, mwatsala ndi nkhalamba yosekerera. Phunziro lake lonse, loti ukalamba usakunyengeni, mphamvu za mwini mudzi zikadalipo, lili m'kusintha kwa mayendedwe aja, kuchoka pa kutsimphina kufika pa kudumpha. Zimenezo khoma silingasonyeze.

Ndipo gule ndi wolemba wanthabwala woposa ambiri a ife. Mudziwa kuti ansembe a Katolika a chipani cha White Fathers anayambira kuno kwa Mponda? Anafika kumapeto kwa chaka cha 1889, koma zinthu sizinawayendere ndipo anachoka mu 1891. Anadzakhazikika ku Mua mu 1902, pakati pa Achewa ndi Angoni, ndipo kwa zaka zambiri panali kulimbana koopsa pakati pa mishoni ndi Nyau, kulimbirana ana, kulimbirana maliro. Matthew Schoffeleers ndi Ian Linden analemba za mkangano umenewu mu 1972. Anthu a kumudzi analibe nyuzipepala yoyankhira ulaliki wa ansembe. Yankho lawo linatulukira pabwalo: anatenga mayina a m'tchalitchi, Simoni, Maliya, n'kuwasandutsa magule. Mlendo amene anabwera kudzathetsa gule anadzipeza akuvina m'gulemo. Pambuyo pake panabwera galimoto yoluka, panabwera ndege, ndipo Laurel Birch de Aguilar, m'buku lake la 1996 lotchedwa Inscribing the Mask, anafotokoza mmene ngakhale nkhope za anthu otchuka akunja zinalowera m'gule. M'nthawi ya Kamuzu, pamene lamulo la 1968 linkapatsa boma mphamvu zoletsa mabuku, ndipo Jack Mapanje anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991, magule ena ankadzudzula ulamuliro mophiphiritsa pamaso pa mudzi wonse. Matenda a Edzi atafika, nawonso anapeza magule awo. Ndiye wina akamati gule ndi zinthu zakale zosasintha, mufunseni kuti helikopita inalowa bwanji m'bwalo.

Nthano ya mishoni ija inathera modabwitsa. Ku Mua komweko, wansembe wa chipani chomwecho, Claude Boucher wa ku Canada, amene anadzapatsidwa dzina loti Chisale, anayambitsa malo a Kungoni mu 1976. Lero nyumba ya Chamare kumeneko ikusunga zigoba zoposa 400, ndipo mu 2012 anatulutsa buku la When Animals Sing and Spirits Dance, lofotokoza magule ambirimbiri ndi nyimbo zawo. Kwa ife a kuno, Mua si patali, msewu wa ku Golomoti umakafikitsa. Mlembi aliyense amene akufuna kutchula gule m'nkhani yake apite akaone. Mukalowa m'chipinda cha zigoba chija mudzachita manyazi ndi umphawi wa mawu anu.

Komabe monga wounika ndiyenera kunena mbali inayo. Zigoba za ku Chamare nazonso zili chete. Zili ndi mayina, zimene ndi zazikulu poyerekeza ndi za pamsewu zija, koma sizivina. Chachiwiri, zambiri za m'bukumo zinasonkhanitsidwa m'midzi ya kufupi ndi Mua ndi madera ena a m'chigawo chapakati, pomwe gule amasintha malinga ndi dera. Amene amatchedwa dzina lina ku Mtakataka akhoza kukhala ndi dzina lina ndi nyimbo ina kwa Nankumba, ku Kasungu kapena ku Katete. Tisatenge buku limodzi ngati baibulo la gule. Chachitatu, powerenga mafotokozedwe ake ndimamva ngati pafupifupi gule aliyense wapatsidwa phunziro la makhalidwe lolongosoka bwino, ngati mathero a ulaliki. Pabwalo zinthu sizikhala zoyera chotero. Pali zolaula, pali kuseka kopanda phunziro, pali mantha enieni, ndipo nthawi zina amayi amaimba zotsutsana ndi zimene guleyo akuchita. Chachinayi, ndipo ichi chimandipweteka: mafotokozedwe ake ali m'Chingerezi, ndipo mtengo wake si wa mphunzitsi wa pulayimale. Mlandu umenewu sindikuupereka kwa bambo Boucher, iwo anachita mbali yawo. Ndikuupereka kwa ife. John Gwengwe analemba Kukula ndi Mwambo m'Chichewa, Samuel Ntara analemba Mbiri ya Achewa. Ife a mafoni m'manja talemba chiyani?

Ena mwa inu a kuno kwa Mponda mukuti, "Ife ndife Ayao, za gule sizikutikhudza." Dikirani kaye. Makolo a Chiyao anali ndi luso lawo lowerengedwa ndi maso, lotchedwa inyago. Pa chinamwali cha anyamata, akuluakulu ankaumba zithunzi pansi ndi dothi n'kuzilemba ndi ufa woyera: nyama zosiyanasiyana, phiri, ndi Namungumi, chinyama chachikulu cha m'madzi. Anamwali ankayendetsedwa kuchoka pa chithunzi china kupita pa china, akumva nyimbo ndi tanthauzo lake. Meredith Sanderson analemba za zithunzizi mu 1955 m'magazini ya Nyasaland Journal. M'midzi yambiri lero mwambo wa jando wasintha, ndipo achinyamata ambiri amene ndawafunsa liwu loti inyago salidziwa. Tilinso ndi beni, gule wa yunifolomu ndi wezulo, amene makolo athu anamutenga ku maperete a asilikali n'kumusandutsa wawo. Amene anachita ndi msilikali zomwe Achewa anachita ndi wansembe ndi anthu a kuno.

Taonani chinthu chimodzi chimene chimalumikiza zonsezi. Inyago mwambo ukatha imafafanizidwa. Zilombo zoluka zija mwambo ukatha sizisungidwa. A Bwa nawo, kupatula zamatabwa zija, ali ndi zigoba zamasamba, za chipembedzo chawo chakale cha Do. Munthu amakulungidwa ndi masamba ndi mipesa kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo mwambo ukatha zonse zimawonongedwa. Malinga ndi Roy, zamasambazi ndiye zakale kwambiri. Zamatabwa a Bwa a kummwera anazitengera kwa anansi awo, a Nuna ndi a Winiama, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Apa pali maphunziro awiri. Loyamba, kubwereka si tchimo. A Bwa anabwereka, koma anabwereka pamodzi ndi mwambo wake, n'kuphunzitsa ana awo kuwerenga. Lachiwiri, luso lathu lozama kwambiri linapangidwa kuti life likamaliza ntchito. Nyumba zosungiramo zakale zimadzaza ndi zamatabwa chifukwa ndizo zimapirira ulendo wa pa sitima. Masamba, makoko ndi ufa sizifika ku Paris. Ndiye chithunzi cha Afirika chimene mumapeza pa intaneti ndi cha zinthu zokhazo zimene zinatheka kunyamulidwa. Zotsalazo angazisunge ndani kupatula wolemba? Mawu ndiwo angagwire fungo la fumbi, kulira kwa mbalule ndi mmene Kasiyamaliro amazungulirira usiku wa maliro. Ntchito imeneyo ndi yathu.

Tsono ndikawerenga nkhani ndi ndakatulo zimene timatumizirana, gule amatuluka bwanji? Pafupifupi nthawi zonse ndi "chilombo choopsa" chopanda dzina, chonyamula chikwanje, chothamangitsa mwana wasukulu. Kapena ndiye mbali inayo: "chikhalidwe chathu chokongola chimene UNESCO inachizindikira mu 2005", basi, ngati chikalata cha ku ofesi. Onse awiriwa ndi ulesi umodzi ndi wa chikuto chija.

Sindikukana kuti mantha alipo. Ine ndemwe ndinathamangitsidwapo ndili mwana mpaka kutaya patapata mmodzi, ndipo tonse tamvapo za anthu ovulazidwa ndi ana olephera kufika kusukulu chifukwa cha anthu obisala m'dzina la gule. Zimenezo zilembedwe, ndipo mafumu eni mizinda ambiri amazidzudzula okha. Ndikudziwanso kuti ena mwa inu mpingo kapena mzikiti wanu sugwirizana ndi gule, ndipo sindikukuuzani kuti mukagule njira. Chimene ndikupempha ndi chaching'ono. Ngati mwana wa m'nkhani yanu akuthamangitsidwa, tiuzeni amene akumuthamangitsa. Kang'wing'wi akathamangitsa mwana ndi nkhani ina, Maliya atathamangitsa mwana ingakhale nkhani yachilendo kotheratu, ndipo wowerenga wa ku Dedza adziwa pomwepo ngati munaonapo gule kapena mukungomvera. Tiuzeninso mwambo umene wamutulutsa: ndi maliro, chinamwali, chiliza kapena kulonga ufumu? Amayi akuyankha motani? Amene akuimba ng'oma ndi wotani? Zonsezi zimaoneka poyera, simufunika kuulula chinsinsi cha munthu kuti muzilembe. Ndipo ngati mukufuna kutsutsa gule, mutsutseni mukumudziwa, kutsutsa kwanu kudzalemera.

Za chikuto chija, mnzathu wandiuza kuti wachichotsa. Akukambirana ndi mnyamata wina wojambula zikwangwani pa boma pano kuti amujambulire bwalo la kwa Nankumba, amayi ataima mozungulira, fumbi lili koboo, ndi nthenga za Kapoli zikungooneka pang'ono pakati. Akuti mtengo wake ndi wocheperapo kuposa bandulo imene anathera pofufuza zithunzi za eni.

Tsopano mpira uli kwa inu. Kwanu kuli gule wanji amene ife ena sitikumudziwa? Tiuzeni dzina lake, mmene amaonekera, ndi khalidwe limene amadzudzula. A ku Mchinji, a ku Chipata, a ku Angonia, inunso a ku Joni amene mumavina kumeneko, tikudikira. Ndipo ngati pali wina amene agogo ake anaonapo inyago ndi maso, chonde akafunse sabata ino, agogowo akadali moyo.